Kodi ufulu wa wantchito umathera pachipata? Momwe mapangano a SADC amakhudzira ogwira ntchito kunja kwa dziko lawo

Pa 6 May 2024 nyumba yosanjikizana yomwe inkamangidwa mumzinda wa George, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, idagwa n'kukwirira anthu omwe ankagwira ntchito pamalopo. Kufukula kudatenga masiku oposa khumi, ndipo anthu 34 adatsimikizika kuti amwalira. Pakati pa omwalirawo padali ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Lesotho.

Maliro atatha, abale m'midzi yakutali adatsala ndi mafunso omwe mabanja a kum'mwera kwa Africa akhala akufunsa kwa zaka zoposa 100. Munthu akavulala kapena kufera pantchito m'dziko la eni, amalipira chipukuta misozi ndani? Penshoni yomwe adasonkha kumeneko ingamutsatire kwawo? Nanga satifiketi yomwe adaikhetsera thukuta ku Lilongwe, Kitwe kapena Tete imakhalabe ndi mphamvu akawoloka malire?

Mayankho ake ali m'malo awiri: m'malamulo a dziko lomwe munthu akugwirako ntchito, ndi m'mapangano a bungwe la SADC, lomwe lili ndi mayiko 16 ndipo likulu lake lili ku Gaborone, m'dziko la Botswana. Pakati pa ziwirizi pali mpata waukulu, ndipo ogwira ntchito ambiri amagwera mumpata umenewo.

Njira yakale ya ku Joni

Kuwoloka malire pofuna ntchito kudayamba SADC isadabadwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 eni migodi ya golide ya ku Johannesburg adakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito m'mayiko oyandikana nawo, lomwe anthu adalitcha Wenela. Amuna ankachoka ku Nyasaland, Mozambique, Basutoland ndi madera ena pa makontirakiti a miyezi yowerengeka. Gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kwawo, ndipo kontirakiti ikatha ankabwezedwa. Omwe adakhalitsa osabwerera ndi amene kumudzi ankawatcha matchona.

Boma la Malawi lidasainirana ndi la South Africa pangano la zantchito m'chaka cha 1967, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitoyi. Idayambiranso mu 1977 kudzera ku bungwe la TEBA, lomwe lidalowa m'malo mwa Wenela, koma idathanso kuyambira mu 1988 pomwe maboma awiriwa adasemphana pa nkhani yoyeza HIV. Amalawi pafupifupi 13,000 adabwezedwa kwawo m'zaka zotsatira.

Dongosolo limeneli lidali ndi phindu lobisika kwa eni migodi. Munthu ankagwira ntchito ali wamphamvu, koma matenda a ntchitoyo ankaonekera atabwerera kumudzi. Choncho mtolo wodwazika unkagwera mkazi wake, ana ake ndi zipatala za dziko losauka lomwe adachokera.

Fumbi lomwe lidatsatira anthu kumudzi

Golide wa ku South Africa amapezeka m'miyala yolimba yomwe, ikamaboboledwa ndi kuphulitsidwa, imatulutsa fumbi losalala kwambiri moti maso saliona. Fumbili likalowa m'mapapo limasiya zipsera zomwe sizipola. Matendawa, omwe madokotala amawatcha silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo nthawi zambiri amayamba kuonekera patapita zaka khumi kapena kuposerapo. Munthu amayamba kupuma movutikira, amatsokomola kosalekeza, ndipo thupi lake limagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu cha TB.

Lamulo la South Africa la 1973 lokhudza matenda a m'migodi silisankha nzika. Limapatsa aliyense yemwe adagwirapo ntchito m'mgodi mwayi wopimidwa mwaulere zaka ziwiri zilizonse, ndiponso wolandira chipukuta misozi akapezeka ndi matenda a m'mapapo. Zotsatira za kupimako zimaunikidwa ndi ofesi ya boma ya MBOD ku Johannesburg. Munthu akamwalira, lamuloli limalola kuti mapapo ndi mtima wake zitumizidwe kukapimidwa kuti banja lilandire ndalama. Papepala zonsezi n'zomveka. Koma kwa munthu wa ku Mzimba, Dedza kapena Angónia, yemwe alibe ndalama ya ulendo, yemwe chipatala cha kwawo chilibe katswiri wowerenga zithunzi za m'mapapo, ndipo mapepala ake a ku TEBA adadyedwa ndi chiswe, ufuluwo udakhala ngati chuma chotsekeredwa m'nyumba yopanda khomo.

Zinthu zidayamba kusintha kudzera m'mabwalo a milandu. Mu March 2011 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidagamula kuti Thembekile Mankayi, yemwe adagwira ntchito ku kampani ya AngloGold, adali ndi ufulu wosumira kampaniyo ngakhale adalandirapo kale ndalama zochepa pansi pa lamulo la 1973. Mankayi adamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulocho chiperekedwe. Mu May 2016 bwalo la ku Johannesburg lidalola kuti ogwira ntchito m'migodi asumire makampani monga gulu limodzi, ndipo mu May 2018 makampani asanu ndi imodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, adavomera kupereka ndalama zosachepera R5 biliyoni. Bwalo lidavomereza mgwirizanowu mu July 2019.

Ndalamazi zimaperekedwa kudzera ku thumba lotchedwa Tshiamiso Trust, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2020. Oyenera kupempha ndi omwe adagwira ntchito yowaika pafumbi m'migodi ya golide ya makampaniwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, kapena abale a omwe adamwalira, posayang'ana dziko lochokera. Thumbali litangoyamba, wopezeka ndi silicosis ankalandira R70,000, R150,000 kapena R250,000 malinga ndi kukula kwa matendawo, ndipo pa matenda aakulu kwambiri ndalamazo zinkatha kufika R500,000. Kupempha n'kwaulere, wofuna ndalama kuti "athandize" kulembetsa ndi wakuba.

Chofunika kuchiona pankhaniyi n'chakuti chipukuta misozichi sichidachokere ku pangano la SADC. Chidachokera ku malamulo ndi mabwalo a dziko limodzi. Chomwe SADC idachita ndi kuvomereza poyera kuti vutoli ndi la chigawo chonse. Mu August 2012, pa msonkhano wawo ku Maputo, atsogoleri adasaina chikalata chokhudza TB m'migodi, chomwe chidatsegula njira ya thandizo la ndalama. Bungwe la Global Fund lidathandiza ntchito yopima ogwira ntchito m'migodi m'mayiko khumi, ndipo mu 2016 World Bank idavomereza ndalama zokwana madola 122 miliyoni zolimbana ndi TB ndi matenda a m'mapapo ku Lesotho, Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Zomwe SADC idalonjeza

Pankhani ya malonjezo, chigawochi sichisauka. Mu 2003, ku Dar es Salaam, atsogoleri adavomereza chikalata cha ufulu wa anthu pantchito ndi pa umoyo wawo, chomwe chimatchula ufulu wolowa m'mabungwe a ogwira ntchito, wokambirana malipiro ndi olemba ntchito, wosasalidwa, komanso wogwira ntchito pamalo osaika moyo pachiswe. Mu 2005 kudasainidwa pangano lofewetsa kayendedwe ka anthu, lomwe cholinga chake choyamba n'chakuti nzika ya dziko limodzi izilowa m'dziko lina popanda viza kwa masiku 90 pachaka. Mu 2014, ku Victoria Falls, kudasainidwa pangano la zantchito lomwe lidakhudzanso ufulu wa ogwira ntchito ochokera kunja.

Koma kusaina ndi chiyambi chabe. Pangano la SADC limayamba kugwira ntchito pokhapokha magawo awiri mwa atatu a mayiko ataliperekeza ku nyumba zawo za malamulo kapena kulivomereza motsata malamulo awo. Pangano la 2005 silidafike pamlingo umenewu. La 2014 nalo lidakanika, moti lidalembedwanso ndi kuperekedwa kwa atsogoleri pa msonkhano wa ku Luanda mu August 2023.

Zifukwa zake sizobisika. Mayiko omwe amalandira anthu ambiri, makamaka South Africa, Botswana ndi Namibia, amaopa kuti kutsegula zipata kungachulukitse ofuna ntchito pomwe nzika zawo zikusowa zochita. Ku South Africa anthu oposa 30 mwa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito, ndipo nkhani ya alendo imatentha nthawi iliyonse ya chisankho. Mayiko omwe amatumiza anthu, monga Malawi, Lesotho ndi Mozambique, amadalira ndalama zomwe anthu awo amatumiza kumudzi, motero amalankhula mosamala kuti asakwiyitse mnansi wamphamvu.

Palinso vuto la bwalo. SADC idali ndi bwalo lake la milandu ku Windhoek, komwe munthu wamba ankatha kusumira boma. Mu 2008 bwaloli lidagamula mokomera Mike Campbell ndi alimi anzake omwe adalandidwa minda ku Zimbabwe. Boma la Zimbabwe lidakana chigamulocho, atsogoleri adaimitsa bwalolo mu 2010, ndipo pangano latsopano la 2014 lidati lizimva milandu ya pakati pa maboma okhaokha. Zotsatira zake n'zakuti wantchito yemwe waponderezedwa alibe bwalo la chigawo loti akadandauleko.

Apa ndi pomwe SADC imasiyana ndi mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa European Union. Kumeneko malamulo a chigawo amamanga mayiko onse. Lamulo la 1989 limakakamiza olemba ntchito kuunika zoopsa za pamalo pawo ndi kuziteteza, zaka zomwe munthu wagwira m'mayiko osiyanasiyana zimaphatikizidwa powerengera penshoni, ndipo bwalo la ku Luxembourg limatanthauzira malamulowo pa milandu ya anthu wamba. Ku SADC zambiri ndi malangizo omwe dziko likhoza kutsata kapena kuwasiya m'kabati.

Satifiketi ikawoloka malire

Mbali ya maphunziro ndi yomwe yayendako bwino. Pangano la SADC la maphunziro lidasainidwa mumzinda wa Blantyre mu 1997 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2000. Mwa zina limapempha mayunivesite kusungira ophunzira a m'mayiko ena a SADC malo osachepera asanu mwa 100 alionse, ndi kuwalipiritsa fizi yofanana ndi ya eni dziko. N'chifukwa chake wophunzira wa ku Malawi kapena Zambia m'mayunivesite ambiri a boma ku South Africa amalipira fizi ya eni dziko, kuphatikizapo ndalama ina yapadera ya alendo, pomwe wochokera kunja kwa chigawochi amalipira zambiri.

Mu 2011 nduna za maphunziro zidavomereza muyeso umodzi woyerekezera masatifiketi a m'chigawo chonse. Muyesowu uli ndi masitepe khumi, kuyambira maphunziro oyambirira kufika digiri ya udokotala. Dziko lililonse liyenera kuonetsa sitepe yomwe satifiketi yake iliyonse ikugwera, kuti wolemba ntchito ku Gaborone adziwe kulemera kwa pepala lochokera ku TEVETA ya ku Malawi kapena ya ku Zambia. South Africa ndi Seychelles ndi omwe adatsogola pomaliza ntchitoyi.

Komabe muyesowu supatsa munthu chilolezo chogwira ntchito. Wofuna viza ya ntchito ku South Africa ayenerabe kutumiza mapepala ake ku bungwe la SAQA kuti akaunikidwe, ndipo amalipira. Namwino ayenera kulembetsa ku khonsolo ya anamwino ya kumeneko, injiniya ku khonsolo ya mainjiniya. Vuto lalikulu lili kwa amisiri omwe adaphunzira ntchito pamanja: omanga nyumba, akalipentala, owotcherera zitsulo, amakaniko. Luso ali nalo koma pepala alibe, motero amalembedwa ngati othandizira wamba, kulandira malipiro otsika, ndi kupatsidwa ntchito zoopsa popanda maphunziro a chitetezo. Nkhani ya satifiketi ndi nkhani ya ngozi zimakumana pamenepa.

Penshoni yotsalira m'dziko la eni

Matumba a penshoni ku South Africa akusunga mabiliyoni ambiri a marandi omwe eni ake sadabwere kudzatenga, ndipo gawo lina ndi la omwe adagwira ntchito m'migodi kuchokera m'mayiko oyandikana nawo. Zifukwa zake n'zodziwika: mayina adalembedwa molakwika, ena adalembetsa ndi mayina osakhala awo, nambala za pasipoti zidasintha, ndipo amasiye ambiri sadziwa n'komwe kuti malemu adasiya ndalama.

Mu March 2020 nduna za zantchito za SADC zidavomereza malangizo a momwe penshoni ndi chipukuta misozi zingatsatire munthu kwawo. Mfundo zake zikuluzikulu ndi izi: mlendo asamalidwe mofanana ndi nzika, zaka zomwe wasonkha m'mayiko osiyana ziphatikizidwe, ndalama zizitumizidwa komwe iye akukhala, ndipo maofesi a mayikowo azithandizana pofufuza eni ndalama. Mayiko asanu, Eswatini, Lesotho, Malawi, South Africa ndi Zimbabwe, adadzipereka kuyesa malangizowa.

Chovuta n'chakuti madongosolo a mayikowa safanana. Zambia ili ndi NAPSA, Zimbabwe ili ndi NSSA, Mozambique ili ndi INSS, onse matumba a boma omwe ogwira ntchito amasonkhako. South Africa ilibe thumba limodzi la penshoni lokakamiza aliyense; imadalira matumba a makampani ndi a mabungwe. Ku Malawi lamulo la 2011 lidakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni, koma ndalamazo zimasungidwa ndi makampani osiyanasiyana. Kuti matumba osiyana chotere alumikizane pamafunika mapangano a mayiko awiriawiri, ndipo amenewo satheka tsiku limodzi.

Nanga wopanda chilolezo?

Masiku ano Amalawi ambiri ku South Africa sali m'migodi. Ali m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa, m'mafamu, m'mashopu ndi pa zomangamanga. Pasipoti ya Malawi imalola munthu kulowa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo, osati ngati wantchito. Wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, kapena zaka zisanu ngati wapitiriza ndi masiku oposa 30. Anthu a ku Zimbabwe adapatsidwa zilolezo zapadera kuyambira 2009, ndipo pafupifupi 178,000 ali nazo. Boma litafuna kuzithetsa, bwalo la ku Pretoria lidagamula mu June 2023 kuti njira yomwe lidatsata idali yosemphana ndi malamulo. Anthu a ku Lesotho nawonso ali ndi zilolezo zotere. Amalawi alibe.

Ngakhale zili choncho, kusowa chilolezo sikufafaniza ufulu wonse. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa amapereka ufulu wosamalidwa mwachilungamo pantchito kwa munthu aliyense, osati nzika zokha. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, bwalo la zantchito lidagamula kuti mlendo yemwe chilolezo chake chatha amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kukadandaula ku bungwe loyanjanitsa la CCMA. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kuperekedwa pasadathe masiku 30. Malipiro otsikitsitsa, omwe adayamba pa 1 January 2019 pa R20 pa ola ndipo amakwezedwa chaka ndi chaka, amakhudza wantchito aliyense. Mu November 2020 bwalo lalikulu lidagamulanso kuti ogwira ntchito za m'nyumba ali ndi ufulu wa chipukuta misozi akavulala pantchito. Mlanduwo udayamba ndi imfa ya Maria Mahlangu, yemwe adamira m'dziwe losambiramo la kwa bwana wake.

Chomwe chimalepheretsa ambiri ndi mantha. Wopita kukadandaula amaopa kuti akathera ku Lindela, malo osungirako oyembekezera kubwezedwa kwawo. Mabwana ena amadziwa zimenezi ndipo amadyerapo masuku pamutu: salembetsa antchito awo ku thumba la chipukuta misozi, sapereka zipewa zolimba kapena malamba otetezera kugwa, ndipo ngozi ikachitika amakana kuti munthuyo adali wawo.

Lamulo likakhala ndi mano

Mbiri ya migodi ya South Africa yomweyo ikuonetsa zomwe zimachitika lamulo likamatsatidwa. Anthu 177 adafa pa mgodi wa Kinross mu 1986, ndipo 104 adafa pa Vaal Reefs mu May 1995. Kafukufuku wa komiti ya woweruza Ramon Leon adabala lamulo la 1996 la umoyo ndi chitetezo m'migodi, lomwe lidapatsa ogwira ntchito ufulu wochoka pamalo oopsa, wosankha owaimira pa zachitetezo, ndiponso lidapatsa oyendera migodi mphamvu yotseka mgodi. Mu 1993 anthu oposa 600 adafera m'migodi ya dzikolo; mu 2022 adafa 49. Ngakhale chiwerengero cha ogwira ntchito m'migodi ya golide chidatsika m'zaka zimenezi, kusinthako n'kwakukulu, ndipo kudapindulira alendo ndi nzika mofanana.

Kumangako nyumba, m'mafamu ndi m'migodi ing'onoing'ono yosalembetsedwa, komwe alendo achuluka lero, kulibe mabungwe amphamvu ngati a m'migodi ikuluikulu, ndipo oyendera malo a ntchito ndi ochepa. Mayiko otumiza anthu nawonso ali ndi ntchito yawo. Malawi idavomereza mapangano atatu a bungwe la ILO okhudza chitetezo pantchito mu 2019, koma lamulo lake lalikulu pankhaniyi lidalembedwa mu 1997, ndipo dziko lomwe silitha kupima matenda a fumbi kwawo silingathandize anthu ake kutenga ndalama zawo kunja.

Zinthu zitatu ndi zomwe zidzaonetse ngati malonjezo a SADC akusanduka zenizeni: chiwerengero cha mayiko omwe avomereze pangano la zantchito la 2023, mapangano a mayiko awiriawiri olumikiza matumba a penshoni, ndi kufulumira kwa mayiko otsala poika masatifiketi awo pa muyeso wa chigawo. Pakadali pano chida chomwe wantchito ali nacho m'manja ndi mapepala ake. Kontirakiti, masilipi a malipiro, nambala ya ku TEBA, dzina lenileni la kampani, makalata a kuchipatala ndi zithunzi za m'mapapo ziyenera kusungidwa, ndipo abale kumudzi azidziwa komwe zili. Ambiri mwa amasiye omwe akulephera kulandira chipukuta misozi lero sadakanidwe ndi lamulo. Akusowa umboni wakuti mwamuna wawo adatsikiradi m'mgodi womwewo, m'zaka zomwezo.